Musanalumbire: Zoyenera Kudziwa Womaliza Koleji Amene Akuganiza za Usilikali

Chilengezo choti Malawi Defence Force (MDF) ikulemba asilikali atsopano chikangotuluka, mabwalo a m'maboma amadzaza. Pamizere ya achinyamata onyamula mafayilo masiku ano pamapezekanso anthu amene anavala kale mkanjo wa digiri ku UNIMA, ku Mzuni, ku LUANAR kapena ku MUBAS, ndi ena a madipuloma a m'makoleji osiyanasiyana. Ena mwa iwo mtima wawo unali ku usilikali kuyambira ali ana. Ena atopa ndi kuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, ndipo kunyumba ayamba kuwakumbutsa za ng'ombe imene inagulitsidwa kuti fizi ilipidwe. Zifukwa zonsezi n'zomveka, ndipo palibe chimene ndikuchinyoza. Chimene ndikufuna mumve musanaime pamzerepo ndi ichi: usilikali mumalowa mwa kufuna kwanu, koma mukangolumbira, kutulukamo sikukhalanso m'manja mwanu nokha. Ntchito zambiri zimene digiri yanu ingakupezereni sizili choncho.

Tiyambe ndi ufulu umene muli nawo lero. M'Malawi muno palibe amene amakakamizidwa kukhala msilikali. Agogo athu mwayi umenewu analibe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inayamba mu 1914, boma la atsamunda linasonkhanitsa amuna ochuluka a ku Nyasaland kuti akhale amtengatenga, osenza katundu wa ankhondo mtunda wautali, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala komanso matenda. Mbusa John Chilembwe analemba kalata kumapeto kwa chaka chimenecho yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Lero gawo 27 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo wolowa MDF ayenera kukhala wa zaka zosachepera 18 amene wavomera yekha. Malume angakulangizeni, mayi angalire, amfumu angakulimbikitseni, koma palibe mwa iwo amene angakulowetseni kapena kukuletsani ngati mwakula. Amvereni ndithu, pakuti ndi iwo amene adzasenze nanu zotsatira zake. Koma dzanja losaina ndi lanu.

Makomo olowera alipo oposa limodzi, ndipo apa ndi pamene omaliza koleji ambiri amapunthwa. Khomo lalikulu, lodziwika ndi aliyense, ndi la asilikali wamba: mumapita ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, mumaphunzira kwa miyezi pafupifupi 6, n'kutuluka muli Private. Khomo lina ndi la maofesala, kumene munthu amalowa ngati officer cadet, maphunziro ake n'kukhala aatali, ndipo akapambana amalandira udindo wa uofesala m'dzina la mtsogoleri wa dziko. Palinso nthawi zimene MDF imafuna anthu a luso lapadera monga madokotala, anamwino, mainjiniya, maloya ndi abusa. Chilengezo chilichonse chimanena khomo limene latsegulidwa, malire a zaka, maphunziro ofunika ndi zoyeza thupi. Chiwerengeni chilengezo chenichenicho, osati zimene wina wakuuzani pa WhatsApp.

Digiri payokha sipereka nyota. Mukalowera khomo la asilikali wamba muli ndi digiri ya zachuma, mudzalamulidwa ndi Corporal amene analekeza Fomu 4, mwinanso wamng'ono kwa inu, ndipo adzakhala akuchita zoyenera pokulamulani. Iye akudziwa ntchito imene inu simukuidziwa. Kuwoloka kuchoka kumeneko kupita ku uofesala kumatheka, koma si lonjezo limene wina angakupatseni pa tsiku lolemba mayina. Maganizo anga ndi akuti ngati cholinga chanu ndi uofesala, kapena kugwiritsa ntchito luso limene munaphunzira, dikirani khomo lake. Ngati mwasankha kulowera khomo la asilikali wamba, lowani mutavomereza mumtima kuti mungakhale kumeneko zaka zambiri, ndipo kuti umenewo ndi ulemu wokwanira. Wolowa akudziona ngati wongodutsa amavutika yekha, amavutitsanso anzake.

Tsopano tifike pa lumbiro, ndi zimene limasintha. Wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya shuga akatopa, amapereka notisi ya mwezi umodzi n'kunyamuka. Akachotsedwa mopanda chilungamo amathamangira ku Industrial Relations Court. Malipiro akachepa, bungwe la apantchito limakambirana ndi mabwana, zikakanika amanyanyala ntchito motsata lamulo. Zonsezi zimachokera m'malamulo awiri, Employment Act ya 2000 ndi Labour Relations Act ya 1996. Malamulo awiriwa amanena okha kuti sakhudza asilikali, apolisi ndi a ndende, kupatula anthu wamba olembedwa ntchito m'nthambi zimenezo. Choncho tsiku limene mwalumbira, mwatuluka pansi pa malamulo amene amateteza anzanu a m'kalasi, n'kulowa pansi pa Defence Force Act, lamulo limene Nyumba ya Malamulo inalikonzanso mu 2023.

Pansi pa lamulo limeneli, zinthu zimene kwina ndi nkhani ya bwana ndi wantchito zimasanduka milandu. Kujomba popanda chilolezo ndi mlandu. Kuchoka ndi cholinga chosabwereranso ndi mlandu waukulu wa kuthawa usilikali, ndipo wothawa amasakidwa, kumangidwa, n'kuzengedwa. Kukana lamulo lovomerezeka la wamkulu wanu ndi mlandu, kumunyoza ndi mlandu, ndipo kugwirizana ndi anzanu kuti mukane ntchito pamodzi, chinthu chimene ku fakitale chimatchedwa sitalaka, kuno ndi kugalukira. Milandu ing'onoing'ono amaweruza mkulu wa gulu lanu. Ikuluikulu imapita ku khoti la asilikali, limene lingakutsitseni nyota, kukuchotsani ntchito mochititsa manyazi, kapena kukutumizani kundende. Ngakhale ofesala sangangosiya ntchito poti walemba kalata. Amayembekeza kuti akuluakulu avomere. Ndipo malamulo a anthu wamba sakusiyani: msilikali akamenya munthu pa malo omwera mowa, apolisi ndi khoti la majisitireti ali naye mlandu monga nzika ina iliyonse.

Zimenezi pa pepala zimaoneka zakutali, koma zimafika pakhomo. Uthenga wa maliro a azakhali amene anakulerani ungafike gulu lanu lili pa ntchito, mkulu wanu n'kunena kuti simupita, ndipo simudzapita. Kumudzi adzakunenani, inu mulibe choyankha. Mungakhale mwapeza bwenzi logwira ntchito ku Blantyre, inu n'kutumizidwa ku Chilumba, ku Mvera, ku Moyale ku Mzuzu kapena ku gulu la panyanja ku Monkey Bay, osafunsidwa maganizo. Anzanu adzayamba maphunziro a digiri yachiwiri nthawi imene afuna. Inu mudzapempha chilolezo, ndipo chidzaperekedwa ntchito ikalola. Mwayi wophunzira ulipo ndithu, Mzuni ili ndi maphunziro a zachitetezo amene asilikali ambiri adutsamo, ndipo ena amatumizidwa kunja, koma wosankha nthawi si inu.

Pa ndale, voti yanu imakhala yanu. Msilikali ndi nzika ndipo amavota. Chimene mumasiya ndi makaka a chipani, kuyankhula pa msonkhano wa ndale, kuchita nawo zionetsero, ndi kulemba pa Facebook zimene mukuganiza za mtsogoleri kapena za mkulu wanu. Kwa munthu amene wangochoka ku yunivesite, kumene kutsutsa ndi kufunsa kunali chakudya cha tsiku ndi tsiku, ili ndi gawo lowawa kuposa kuthamanga ndi katundu kumsana. Gawo 44 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalola kuti ufulu uchepetsedwe, bola kuchepetsako kulembedwe m'lamulo, kukhale koyenera ndi kofunika m'dziko la demokalase, komanso kusaphe thima la ufuluwo. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene dziko lamupatsa mfuti sayenera kuoneka kuti ndi wa chipani ichi kapena icho.

Pali ufulu umene simusiya pa geti ya MAFCO. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu ndipo limaletsa kuzunza kapena kulanga mwankhanza ndi monyazitsa, ndipo silinena kuti kupatula wovala yunifolomu. Kuthamanga usiku, kukwawa m'matope, kugona pang'ono ndi kukalipiridwa ndi mbali ya maphunziro, pakuti nkhondo sinyengerera. Koma kumenyedwa mpaka kuvulala, kulandidwa ndalama, kapena kuumirizidwa zogonana kuti mupambane si maphunziro, ndi milandu. Izi ndikunena makamaka kwa atsikana, amene MDF yakhala ikuwalemba kwa zaka zoposa 20 tsopano. Gawo 20 ndi gawo 24 amaletsa tsankho potengera kuti munthu ndi mkazi, ndipo Gender Equality Act ya 2013 imati kuvutitsa munthu pa zogonana ndi mlandu. Nyota za wochitayo sizimufafanizira mlanduwo.

Mukazengedwa, ufulu woweruzidwa mwachilungamo wa m'gawo 42 muli nawo: kuuzidwa mlandu wanu, kupatsidwa mpata wodziteteza, kukhala ndi wokuimirirani. Gawo 43 limati aliyense amene chigamulo cha akuluakulu a boma chamukhudza ayenera kupatsidwa zifukwa zake molemba. Lamulo la asilikali lili ndi njira yake yoperekera dandaulo, kuyambira kwa mkulu wanu kukwera m'mwamba, ndipo njira imeneyo ndiyo yoyambira. Dandaulo likhale lanu, lolembedwa, ndipo musunge kope lake. Mkati zikakanika, Bwalo Lalikulu lili ndi mphamvu, pansi pa gawo 108, younika ngati zimene nthambi iliyonse ya boma yachita zikugwirizana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission ziliponso.

Funso lalikulu kuposa onsewa ndi lakuti: kodi mukalumbira, mwalumbira kumvera yani? Yankho lili m'magawo 159 mpaka 161. Gawo 159 limati m'Malawi simudzakhala gulu lina lankhondo kupatula MDF, ndipo amene anakula nthawi ya Apayoniya, amene asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, amadziwa chifukwa chake mawu amenewo analembedwa. Gawo 160 limaika asilikali pansi pa ulamuliro wa anthu wamba osankhidwa motsata malamulo, n'kuwapatsa ntchito zawo: kuteteza malire ndi ufulu wa dziko, kuteteza dongosolo la Malamulo Oyendetsera Dziko, kuthandiza pa nthawi ya ngozi, ndi kugwira ntchito kunja motsata mapangano amene Malawi anasaina. Gawo lomwelo limamaliza ndi kuletsa munthu aliyense, ngakhale wa udindo wotani, kutuma asilikali kuchita zotsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Mtsogoleri wa dziko ndiye mkulu wa ankhondo onse, koma nayenso ali pansi pa chiletso chimenecho.

Mawu amenewa ayesedwapo. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, panali anthu amene sankafuna kuti Joyce Banda, wachiwiri kwa mtsogoleri, atenge mpando monga lamulo limanenera. General Henry Odillo ndi asilikali ake anaima ndi lamulo, ndipo pa 7 Epulo mayi Banda analumbiritsidwa popanda mfuti kulira. Pambuyo pa chisankho cha Meyi 2019, asilikali ankayenda m'mbali mwa anthu ochita zionetsero powateteza. Mkulu wa asilikali nthawi imeneyo, General Vincent Nundwe, anachotsedwa pa udindo mu Malichi 2020, ndipo anabwezeretsedwa mu Seputembala chaka chomwecho boma litasintha. Ndimanyadira mbiri imeneyi, ndipo ndikukhulupirira kuti achinyamata ophunzira amene amamvetsa zimene malamulo akunena ndi amene angaisunge. Ngati pali chifukwa chabwino choti womaliza koleji alowe usilikali, ichi ndi chimodzi.

Koma mbiriyo ili ndi katundu amene amagwera msilikali aliyense payekha. Udindo wanu ndi kumvera lamulo lovomerezeka. Lamulo loti muwombere anthu opanda zida, muzunze wogwidwa, kapena mufunkhe katundu wa anthu si lovomerezeka, ndipo kunena kuti munangotumidwa sikudzakupulumutsani. Malawi ali m'mapangano a Geneva a 1949 okhudza khalidwe pa nkhondo, ndipo mu 2002 anavomereza pangano la Rome lokhazikitsa khoti la milandu ikuluikulu la ku The Hague. Choncho msilikali amakhala pakati: akakana lamulo loyenera wapalamula, akamvera lamulo loonekeratu kuti n'loipa wapalamulanso. Nthawi yosiyanitsa ziwirizi imakhala yochepa, ndipo loya sakhala pafupi.

Ambiri amaganiza kuti poti Malawi sali pa nkhondo, usilikali ndi pelete ndi malipiro a pamwezi. Asilikali athu analondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya RENAMO ili mkati, ndipo ena sanabwerere. Mu 2013 Malawi analowa m'gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, limodzi ndi Tanzania ndi South Africa, gulu limene linapatsidwa mphamvu zosaka zigawenga, osati kungolondera. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, asilikali 6 a Malawi anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala zipolopolo zili kugwa, anamukokera pobisala, ndipo anawomberedwa akumuthandiza. Mtanzaniayo anapulumuka. Mu Meyi 2019 United Nations inapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri wa asilikali osungitsa mtendere. Mu Januwale 2025 asilikali enanso a Malawi anafa pomenyana ndi gulu la M23 cha ku Goma, pa ntchito ya SADC.

Ndalama za ku Congo zamangitsa nyumba zambiri, ndipo n'zoona kuti achinyamata amaziwerengera akamaganiza zolowa. Werengeraninso mbali inayo. Dzina lanu likatuluka pa mndandanda wa opita, simungakane poti mayi akudwala kapena poti nkhondoyo simukugwirizana nayo. Gawo 33 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo ngati chikhulupiriro chanu sichilola kugwira mfuti kapena kuchotsa moyo, nthawi yogwiritsa ntchito ufulu umenewo ndi ino, musanalumbire. Ngakhale kwathu konkuno ntchitoyi si yopepuka: namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, asilikali anali m'gulu la amene ankakumba m'matope ku Chilobwe ndi kufikira anthu otsekeredwa ndi madzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zimene munthu amaona pa ntchito ngati imeneyo samaziiwala msanga.

N'chifukwa chake mapepala a pabanja si nkhani yodikira ukalamba. Lembani wilo, ngakhale chuma chanu chili foni ndi njinga. Deceased Estates Act ya 2011 imalola aliyense wa zaka 18 kulemba wilo, ndipo imati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Dzina limene mwalemba pa fomu ya kuntchito ngati wachibale wapafupi mulisinthe mukakwatira kapena mukabereka, pakuti mikangano yambiri pakati pa mkazi wamasiye ndi akuchimuna imayambira pa fomu imene inalembedwa mnyamata asanapeze banja. Ngongole ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nayonso siifa poti mwavala yunifolomu. Idzakutsatani pa malipiro monga ikanachitira mukanakhala mphunzitsi.

Za ziphuphu ndinene mwachidule. Kulowa MDF sikugulidwa. Nyengo yolemba asilikali ikafika, pamatuluka anthu odzitcha achibale a Colonel wakuti, opempha ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe. Ambiri ndi akuba chabe, ndipo ndalamazo simudzazionanso. Ngati wopemphayo alidi wa m'kati, ndiye kuti nonse awiri mwapalamula, chifukwa Corrupt Practices Act imalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Kanenezeni ku Anti-Corruption Bureau. Kubwereka satifiketi ya MSCE ya mbale wanu, kuchepetsa zaka pa chiphaso cha unzika, kapena kubisa mlandu wakale kungakulowetseni, koma kukadziwika, ngakhale patapita zaka, ntchito yatha ndipo khoti likudikira. Chenjeraninso ndi olonjeza ntchito za chitetezo kunja kwa dziko kudzera pa intaneti. Achinyamata a ku Africa kuno afera pa nkhondo ya Russia ndi Ukraine, pakati pawo wophunzira wa ku Zambia amene anafa mu 2022, ndipo wolowa gulu lankhondo la eni sakhala ndi chitetezo chilichonse cha zimene ndatchula pamwambapa.

Safunsa anadya phula. Tsiku losaina lisanafike, funsani olemba ntchitowo kuti mgwirizano woyamba ndi wa zaka zingati, ndipo ukatha mumauwonjezera bwanji kapena mumatuluka bwanji. Funsani ngati munthu angasiye ali mkati mwa maphunziro, ndi chimene chimachitika akatero. Funsani ngati kuphunzitsidwa ndi ndalama za MDF kumakumangani zaka zina. Funsani chimene msilikali amalandira akalumala pa ntchito, chimene banja lake limalandira akafa, ndi zaka zimene ayenera kugwira kuti adzapeze penshoni. Mayankhowo muwaone pa pepala. Pamene simukumva, Legal Aid Bureau ndi maparalegal a m'boma lanu angakuthandizeni kuwerenga. Kenako pezani asilikali opuma, amene ambiri ali m'bungwe la VELOM, ndipo musangofunsa amene anapuma ali ndi nyota zambiri. Khalani pansi ndi amene anapuma ali Corporal kapena Sergeant, mucheze ndi akazi awo, ndipo muwafunse za chaka chawo choyamba, za nthawi imene anafuna kusiya, ndi za m'mene ndalama zawo zopumira zinatulukira.